Timasewero ta nyimbo ta ku Edinburgh Fringe: nyenyezi 4 mwa 5

Ndinakhala masiku asanu ku Edinburgh mu Ogasiti, ndipo ndalama zanga zambiri zinathera pa matikiti a timasewero ta nyimbo tongopekedwa kumene, tomwe ngakhale maina ake ndinali ndisanawamvepo. Sindikudandaula m'pang'ono pomwe.

Fringe, chikondwerero cha zisudzo chimene chimachitika chaka chilichonse mumzindawu, m'dziko la Scotland, inayamba mu 1947, pamene magulu 8 a zisudzo anangofika osaitanidwa ku Edinburgh International Festival n'kuyamba kusewera m'mbali mwa chikondwererocho. Mpaka lero kulibe komiti yosankha amene alowe. Gulu likapeza chipinda n'kulembetsa, basi lalowa. N'chifukwa chake masewero amachitikira paliponse: m'maholo a tchalitchi, m'makalasi, ngakhale m'zipinda za pansi pa mabala.

Sewero limene linandigwira mtima ndinalionera m'chipinda cha pansi chotere. Mipando sinkakwana 40. Osewera anali anayi, zoimbira ndi kiyibodi ndi gitala basi, opanda maikolofoni. Nkhani yake inali ya atsikana awiri apachibale amene akugawana katundu wa mayi awo maliro atangotha. Sutikesi imodzi yakale ndi imene inali tebulo, kenako bedi, pomaliza bokosi la maliro, ndipo palibe amene anafunika kuuzidwa. Wamng'onoyo anaimba nyimbo yake ataima pafupi kwambiri ndi ine, moti ndinkamva akamakoka mpweya. Pa mzere womaliza mawu ake ananjenjemera, koma sanabise, anangopitiriza. Bambo wina amene anakhala pambali panga anavula magalasi n'kupukuta m'maso. M'holo yaikulu, wosewera ali kutali ndipo mawu akutulukira m'masipika, zimenezi sindinazionepo.

Chinanso chokoma n'chakuti nyimbo zake umazimva koyamba, mtima ulibe choyerekezera. Mu 2017 sewero la Six, lonena za akazi 6 a Mfumu Henry VIII, linayambira pa Fringe pomwepa, likuseweredwa ndi ophunzira a ku Cambridge, ndipo pambuyo pake linakafika m'maholo otchuka a zisudzo a ku West End ku London ndi ku Broadway ku New York. Koma ine sindinapite kukasaka lodzatchuka mawa. Ambiri mwa amene ndinaonera adzathera m'tizipinda momwemo, ndipo anandikwanira choncho.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa zomveka. M'tizipindamo mumatentha koopsa, mipando ndi yolimba, ndipo sewero lina linali ndi nkhani yabwino koma nyimbo zake zosapsa, zonse zomveka ngati imodzi. Masewero ambiri amatenga ola limodzi, ndiye likangotha amakutulutsani msanga chifukwa gulu lina likudikira pakhomo ndi katundu wake. Nthawi yoti mtima ukhazikike sipezeka.

Mukapita, musakane timapepala totsatsa masewero tomwe amagawa mumsewu wa Royal Mile. Nthawi zambiri wokupatsaniyo ndi yemweyo amene aimbe madzulo, ndiye muime, mumufunse za sewero lake. Tengani botolo la madzi, ndi ndalama zapadera za masewero olowa ulere, zimene mumaponya m'chidebe potuluka.

Mtsikana amene anapeka nyimbo za sewero la sutikesi lija anaima pakhomo akuthokoza aliyense. Ndinamufunsa ngati nyimbozo zinajambulidwa, iye anati ayi, ndalama zake sizinapezeke. Kolasi ya nyimbo ya wamng'ono uja ndimaiimbabe ndikamatsuka mbale, koma mawu a vesi yachiwiri anandithawa ndili m'sitima.