Jakisoni wa pakhosi wa CRPS: wagwira ntchito, koma fotokozerani odwala

Chipatala china cholipira cha ku Blantyre ndachipatsa nyenyezi zitatu basi, chifukwa cha namwino wa kuchipinda chopumulira.

Wodwala ndi mayi wothyola tiyi wa kuno ku Thyolo. Anathyoka dzanja pa ngozi ya kabaza, chikhakha chinathina, ndipo atachichotsa dzanja linatsala lotupa, lozizira, likuwotcha mkati moti ngakhale chitenje chikalikhudza amalira. Imeneyo ndiye CRPS, matenda a ululu wokhalitsa umene umatsala m'dzanja kapena mwendo ukavulala. Anawalembera stellate ganglion block, jakisoni wa mankhwala a dzanzi amene amabaya m'mbali mwa khosi, mbali ya dzanja lodwalalo.

Jakisoniyu akagwira, chikope cha mbali imeneyo chimagwa, diso limafiira, mphuno imatsekeka, nthawi zina mawu amasasa. Zimatha zokha pakapita maola ochepa. Koma palibe anawauza mayiwa kapena owadikirira! Mwana wawo ataona diso lagwa anayamba kuimbira abale ku Luchenza kuti amayi achita sitiroko. Namwino, m'malo mofotokoza, anabwera ndi tiyi. Munthu wosasa mawu atabayidwa pakhosi sapatsidwa chakumwa mpaka kumeza kutabwerera bwino, apo ayi amatsamwa. Mayiwa anatsamwadi, kutsokomola mpaka misozi. Namwinoyo atafunsidwa, yankho lake linali lakuti "amayi, mwamwa mofulumira". Pa ndalama zimene inu achipatala mumalipiritsa zija, kuphatikizapo minibasi ya anthu awiri?

Adokotala okha sindingawanene. Anafunsa kaye ngati mayiwa amamwa warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana), anaika kanula pa dzanja linalo, anagwiritsa ntchito sikani ya ultrasound kuti aone mitsempha ya magazi, ndipo ankakoka sirinji asanakankhe mankhwala pang'onopang'ono. Zimenezi si zachibwana: bupivacaine, mankhwala a dzanziwo, akalowa mumtsempha wa magazi wa pakhosi munthu amakomoka n'kuyamba kuphupha pomwepo. Pasanathe mphindi 20 dzanja linafunda, zala n'kuyamba kupindika.

Chimene achipatala anaphonyanso ndi mafizo. Jakisoniyu sachiza yekha. Amangochepetsa ululu kwa maola kapena masiku ochepa kuti dzanja liphunzitsidwe kugwira. Pa desiki anapereka tsiku la mafizo patatha milungu iwiri, ululu utabwerera kale. Mukamapita, kakamirani kuti mafizo akhale tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo kunyumba yambani kukhudzitsa dzanja thonje, kenako thaulo, kenako kulilowetsa m'mbale ya mpunga wosaphika.

Jakisoni wachiwiri tidzabwerera komweko, koma tiyi tidzakana.