Ndemanga yanga pa ulendo wokaona Mandala, Mbombwe ndi linga la Fort Lister

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanuyo ndaimana chifukwa cha kasungidwe ka nthawi, ndipo ndifotokoza bwino kuti amene akufuna kulipira ulendo womwewu adziwiretu.

Mbiri ya nkhondo ndinayamba kuikonda ndili mwana. Agogo anga ankasimba za bambo awo, amene anagwidwa pa nkhondo ya 1914 kukakhala mtengatenga, kusenza katundu wa asilikali kumpoto, nabwerako mapazi atatha. Ndakhala mu Blantyre muno zaka zambiri, koma Fort Lister ndinkangoiwerenga m'mabuku. Choncho nditaona kampani ina ya zokopa alendo ikulengeza ulendo wa tsiku limodzi wokaona malinga ndi malo amene panamenyedwa nkhondo, ndinalipira msanga, ine ndi mphwanga. Mtengo wake ndi wokwererapo, koma muli galimoto, mafuta, chakudya chamasana ndi munthu wokulondolerani.

Tinapangana zokumana pa Ginnery Corner 6 koloko m'mawa. Galimoto inafika 8 koloko itadutsa. Munali mu Julaye, chiperoni chili waa, ife chiimire. Palibe anaimba foni kutiuza chimene chavuta. Maola awiri amenewa ndi amene anatipweteka tsiku lonse.

Mtima unayamba kutsika titafika pa nyumba yakale ya Mandala. Wotilondolera anali mnyamata wa ku Phalombe, waulemu, wosalankhula mothamanga. Za nyumbayo anangodutsamo mwachidule: inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, dzina la Mandala linachokera ku magalasi amene John Moir ankavala. Izi aliyense wa mu Blantyre amazidziwa. Kenako anatiimika pabwalo n'kundifunsa kuti, "Bambo, mukanakhala inu mukutsogolera anthu a mikondo ndi zibonga, mukufuna kulimbana ndi boma, mukanayambira pati?" Ndinati pamene pali mfuti. Iye anati ndi zimenenso anaganiza anthu a John Chilembwe usiku wa pa 23 Januwale 1915. Anayenda wapansi kuchokera ku Mbombwe kudzathyola nyumba yosungiramo zida ya kampaniyo, koma anadziwika msanga, n'kuthawa ndi mfuti zochepa chabe. Maganizo anga ndi akuti nkhondo ya Chilembwe inagonjera pa Mandala pomwepo, isanayambe n'komwe kwenikweni, ndipo mnyamatayo anandilola kuti nditsutsane naye mpaka tinagwirizana. M'mwamba mwa nyumbayo muli laibulale ya Society of Malawi, koma sitinakweremo. Dalaivala anali atayamba kale kuloza wotchi.

Tinatsata msewu wa Midima n'kukhota cha ku Nguludi kulowera ku PIM (Providence Industrial Mission), mishoni ya Chilembwe pa Mbombwe. Mukapita kumeneko musathamangire tchalitchi chachikulu chimene chilipo lero, chimenecho chinamangidwa pambuyo, nthawi ya Dr Daniel Malikebu amene anadzatsegulanso mishoniyo mu 1926. Funsani mabwinja a tchalitchi cha Chilembwe mwiniwake, chimene asilikali a boma anachiphulitsa ndi mabomba atalanda malowo. Zibuma za njerwa zidakalipo, zogwiranagwirana ndithu. Ndinagwira chimodzi ndi dzanja ndipo ndinakhala chete kanthawi. Anthu anaumba njerwa zimenezo ndi manja awo, osalipidwa ndi mzungu aliyense, ndipo boma linaona kuti kupha eni ake sikukwanira, nyumbanso igwe.

Apa mnyamata uja anajambula mapu pansi ndi kamtengo. Anaonetsa gulu lopita ku Magomero kumene William Jervis Livingstone, woyang'anira minda ya A. L. Bruce, anaphedwa, gulu lopita ku Blantyre, ndi uthenga wopita ku Ntcheu kwa Filipo Chinyama. Anafotokoza kuti asilikali anayesa kulowa pa Mbombwe pa 25 Januwale osaphula kanthu, ndipo tsiku lotsatira anapeza malowo opanda anthu. Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale cha ku Mulanje, akulowera kumalire. Sanaiwale thangata, sanaiwalenso kalata imene Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto kwa 1914, yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza. Ndinaganiza za azigogo anga ndi katundu pamutu. Ku Magomero kumeneko, ngakhale kunalembedwa pa ndondomeko ya ulendo, sitinafikeko. Anati nthawi yatha.

Koma chimene ndinalipirira ndi Fort Lister, ndipo ndi kumene ndikufuna ndikhalitsepo.

Mukadutsa pa boma la Phalombe msewu umasanduka wadothi n'kuyamba kukwera, phiri la Mulanje mbali ino, la Michesi mbali inayo. Mapu sangakuuzeni zimene maso amakuuzani pamenepo. Mapiri awiriwa aima ngati zipupa, ndipo pakati pake pali mpata umodzi. Aliyense wochokera kuzigwa za Phalombe ndi nyanja ya Chilwa wofuna kutsikira ku Quelimane, kunyanja yamchere, njira yachidule inali imeneyi. Milongo ya akapolo ndi minyanga ya njovu inkadutsa pomwepa. Harry Johnston, amene anayamba kulamulira dziko lino m'malo mwa Britain mu 1891, anamangitsa lingali mu 1893, ndi lina la Fort Anderson kuseri kwa phiri, kuti atseke Mulanje mbali zonse ziwiri. Ukaima pamabwinjapo n'kuyang'ana kumunsi, sufunanso mphunzitsi. Asilikali ochepa okhala ndi mfuti zabwino akanatha kuimitsa gulu lalikulu pa malo amenewa.

Chimene chatsala ndi zidutswa za makoma ndi maziko, udzu ndi mitengo zitamera pakati. Amene akuyembekezera linga lalitali lokhala ndi mizinga adzakhumudwa, ndipo kampaniyo ikadachita bwino kuwauziratu anthu. Linagwira ntchito zaka pafupifupi 10 zokha n'kusiyidwa. Komabe wotilondolera uja anatiyendetsa mozungulira mpaka tinayamba kuona kukula kwake ndi kumene linayang'ana. Anatifikitsanso pa manda a Gilbert Stevenson, mzungu wa boma amene anafera pamalopo mu 1896. Dzina lake lilipo mpaka lero. Ndinafunsa kuti, "Achimwene, nanga amene ankagwira mfuti usiku pano, mayina awo ali kuti?" Iye anayankha kuti, "Bambo, amenewo timangowadziwa ndi mitundu yawo." Anatchula Amwenye achi Sikh ochokera ku India, Amakua ndi Atonga, amene anali msana wa gulu lankhondo la Johnston. Za amene ankadutsa pampatapo goli lili m'khosi, ngakhale mitundu yawo sinalembedwe pa mwala uliwonse.

Chimene ndinamulemekezera kwambiri mnyamatayu n'chakuti sanatigulitse nkhani ya mbali imodzi. Sanabise kuti mafumu ena achiyao a m'derali, monga Matipwiri, ankalemera ndi malonda a anthu, ndi kuti lingali linathandizadi kutseka njira imeneyo. Sanabisenso kuti mfuti zomwezo ndi zimene zinakakamiza anthu kukhoma msonkho wa nyumba, n'kuwakankhira kuminda ya azungu. Kuchokera pa 1893 kufika pa 1915 ndi zaka 22 zokha. Mwana amene anaona lingali likumangidwa anali bambo wa mphamvu zake pamene Chilembwe ankadzuka. Ine ndinali ndisanalumikizepo malo awiriwa chotero, ndipo kuwaona tsiku limodzi ndi kumene kunanditsegula maso. Amene anakonza njira ya ulendowu anaganiza bwino pamenepo.

Ndiye taganizani, malo otere tinakhalapo mphindi zosakwana 50. Dzuwa linali litapendeka, mitambo ikutsika m'phiri, dalaivala akuopa msewu wadothi mumdima. Sindimuimba mlandu, mantha ake anali oona. Mlandu ndi wa amene anatichedwetsa m'mawa. Ndinkafuna kutsika pang'ono ndi njira yakale kuti ndione lingali monga ankalionera munthu wochokera kumunsi, koma sizinatheke, ndipo mpaka pano zikundiwawa.

Zina n'zazing'ono. Galimoto inali yamphamvu ndi yaukhondo, dalaivala woyendetsa mosamala. Chakudya chinali mpunga ndi nkhuku, chokwanira, koma madzi akumwa anatipatsa botolo limodzi aliyense tsiku lonse, choncho nyamulani anu. Valani nsapato zotseka ndi buluku lalitali chifukwa udzu ndi wautali, ndipo m'miyezi yozizira musasiye juzi. Nthawi ya dzinja funsani kaye za msewu musanalipire.

Lolemba ndinawaimbira a ku ofesi n'kuwauza zonsezi. Anapepesa, koma za kubweza kangachepe pa Magomero amene sitinamuone sanayankhe zomveka. Ndinawalangiza kuti ulendowu auyambire ku Fort Lister m'mawa, Mbombwe ndi Mandala zibwere pobwerera, kapena augawe masiku awiri anthu agone ku Phalombe. Anandiuzanso kuti ali ndi ulendo wina wa ku Fort Mangochi, paphiri pamene panali mudzi wa mfumu Jalasi, wodzeranso pa chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles) ku Zomba. Ndawauza kuti ndipita, pokhapokha andipatse mnyamata yemwe uja, ndiponso ola lonyamukira lilembedwe pa lisiti.