Chaka chimodzi cha maphunziro a panja ndi uphungu pa sukulu ya mwana wanga

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 13, ndipo m'chaka chamaphunziro chomwe changothachi sukulu yake inayambitsa ndondomeko ya maphunziro a panja yomwe anaiphatikiza ndi uphungu wa ophunzira. Ndalemba izi poganizira makolo anzanga amene alandira kalata yonga yomwe ndinalandira ine, yopempha chilolezo choti mwana azituluka m'kalasi masana a Lachitatu lililonse, komanso kuti akagone m'matenti masiku atatu kumapeto kwa teremu yachiwiri. Dzina la sukuluyo sinditchula, chifukwa pakati pa zomwe ndinene pali madandaulo, ndipo aphunzitsi omwe akukhudzidwa ndi anthu amene ndimawalemekeza.

Ndinasaina kalatayo monyinyirika. Maganizo anga anali akuti masana amodzi pa sabata ndi nthawi yambiri yoti mwana ataye akuyendayenda m'mitengo pomwe masamu akumuvuta. Koma kunyumba tinali ndi vuto lina lomwe linkandisowetsa mtendere kuposa masamu: Lolemba lililonse m'mawa mwanayo ankadandaula m'mimba, kuchipatala osapeza matenda alionse, ndipo mphunzitsi wa kalasi yake anandiuza kuti nthawi yopuma ankakhala yekha pakona osalankhula ndi aliyense. Choncho mawu omwe anandikopa m'kalatayo anali akuti mlangizi wa ophunzira aziyenda nawo limodzi.

Kachitidwe kake nkosavuta kufotokoza. Ana amagawidwa m'magulu a anthu khumi ndi awiri, ndipo gulu lililonse limakhala ndi mphunzitsi wodziwa za panja amene anaphunziranso chithandizo choyamba. Mafoni amasiyidwa m'bokosi ku ofesi. M'masabata oyamba anaphunzira kuwerenga mapu, kugwiritsa ntchito kampasi, kumanga mfundo za zingwe ndi kusonkha moto mosaika wina pangozi. Kenaka anayamba kulowetsamo za m'mabuku, ndipo apa mpomwe kudandaula kwanga kwa masamu kunayamba kuchepa. Tsiku lina mwanayo anandionetsa momwe anayezera kutalika kwa mtengo osaukwera: anazika ndodo ya mita imodzi, nayeza chithunzithunzi chake, nayezanso chithunzithunzi cha mtengowo, kenaka nkuwerengera. Phunziro lomweli linali litamukanika papepala kwa teremu yathunthu.

Pa msonkhano wa makolo, mphunzitsi wamkulu anatikumbutsa kuti maganizo amenewa si achilendo, ndipo mbiri ikuwavomereza. Kurt Hahn, mphunzitsi wa ku Germany amene anachoka m'dziko lakwawo mu 1933 atatsutsana ndi ulamuliro wa Hitler, anatsegula sukulu ya Gordonstoun ku Scotland mu 1934, ndipo mu 1941 iye ndi Lawrence Holt, mwini sitima zapamadzi, anayambitsa sukulu ya maphunziro a panja yotchedwa Outward Bound ku Aberdyfi m'dziko la Wales. Cholinga chawo poyamba chinali kukonzekeretsa anyamata ogwira ntchito m'sitima kuti athe kupirira pa nthawi ya nkhondo. Hahn yemweyo anathandizanso kukhazikitsa ndondomeko yopereka mphotho kwa achinyamata yotchedwa Duke of Edinburgh's Award mu 1956. Ndikutchula izi chifukwa chiyambi chotere chimaoneka mpaka lero m'mapologalamu ambiri a mtundu uwu, omwe amatsindika kwambiri za kulimba mtima ndi kupirira, ndipo ine ndinkaopa kuti mwana wamanyazi ngati wanga angokalowa m'manja mwa anthu oti azikamuuza kuti alimbe mtima basi.

Sizinatero, ndipo amene anachititsa kuti zisatero ndi mlangizi uja. Mayiyu ali ndi chizolowezi chomwe ndinachimvetsa mochedwa: gulu likamayenda, iwo amatsalira kumbuyo kwenikweni kwa mzere. Kumbuyoko nkomwe kumapezeka ana otopa, ana okwiya ndi ana amene alibe mnzawo woyenda naye. Safunsa mafunso ambiri. Amangoyenda pambali pa mwanayo, nthawi zina kumupempha kuti awanyamulire botolo la madzi, mpaka mwanayo atayamba yekha kulankhula. Mwana wanga, amene anakana kawiri konse kupita ku ofesi ya uphungu chifukwa choopa kuti anzake amuona akulowa pakhomo lija, anaulula ali m'njira kuti atsikana awiri a m'kalasi mwake anali atamuchotsa m'gulu lawo la pa WhatsApp ndipo ankamuseka chifukwa cha kalankhulidwe kake. Nditamufunsa chifukwa chomwe anauzira mlangizi osati ine, anandiyankha kuti, "Amayi, inu mukanandiyang'ana m'maso, pomwe iwo ankayang'ana njira." Yankholo linandipweteka pang'ono, koma linandiululira chomwe ndondomekoyi ili nacho chimene ofesi ya makoma anayi ilibe.

Ulendo wokagona m'matenti ndiwo unasintha kwambiri momwe anzake ankamuonera. Usiku wachiwiri kunagwa mvula yamphepo, tenti ya gulu lake inazuka mbali imodzi, ndipo mwa atsikana anayi omwe anali mmenemo, amene anakumbukira mfundo yokokera chingwe kuti chilimbe anali iyeyo. Anabwera kunyumba ali ndi matuza awiri kuchidendene, tsitsi likununkha utsi, masokosi onse ali matope okhaokha, koma analankhula osapuma kuyambira pachipata cha sukulu mpaka nthawi yogona. Sindikunena kuti zonse zinathera pomwepo, pakuti m'mimba muja munabwereranso kangapo m'teremu yachitatu. Chomwe ndinganene motsimikiza nchakuti tsopano ali ndi anzake awiri omwe amadya nawo limodzi, ndipo mmodzi mwa iwo anali m'tenti ija.

Pa nkhani ya thanzi la thupi sindikhalitsapo, chifukwa phindu lake ndi loonekeratu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi 60 pa tsiku, ndipo masana amodzi pa sabata sangakwaniritse zimenezo, ngakhale amathandiza. Kukhala panja kumatetezanso maso ku vuto losaona patali, nchifukwa chake dziko la Taiwan linayamba mu 2010 kulimbikitsa sukulu zake kuti ana azikhala panja mphindi 120 pa tsiku. Poyerekeza ndi zimenezi, zomwe sukulu yathu ikuchita ndi chiyambi chabe.

Tsopano ndifike pa zomwe sizinandisangalatse, ndiyambe ndi zazing'ono. Mndandanda wa katundu wofunika pa ulendo unatipeza kutangotsala masabata awiri, ndipo unali wautali: chikwama chakumsana, jekete yosalowa madzi, nsapato zolimba, tochi, chofunda chogonera m'tenti. Sukulu inali ndi katundu wina wobwereketsa, koma sinalembe zimenezo m'kalata, moti makolo ena anagula zinthu zomwe akanangobwereka, pomwe ana atatu a m'kalasi ya mwana wanga sanapite nkomwe chifukwa makolo awo anaona kuti sangakwanitse. Tsiku lobwerera, basi inachedwa ndi maola pafupifupi atatu, ndipo palibe amene anatumiza uthenga kwa makolo omwe tinali titaima pachipata. Nambala yomwe anatipatsa kuti tiziimba pakagwa zadzidzidzi inali ya foni yomwe inali itathima.

Chondivuta kwambiri ndi china. Mlangizi ndi mmodzi pa sukulu yonse, ndipo sangayende ndi magulu onse pa Lachitatu limodzi, kotero gulu lililonse limamuona kamodzi pa masabata angapo. Mwana akatsegula mtima wake m'njira, pamafunika kuti wina akumane naye posachedwa m'malo achinsinsi kuti nkhaniyo ipitirire. Wanga anadikira masabata asanu. Ndipo tsiku lake litafika, wophunzira wina anatumidwa ndi kapepala m'kalasi, mphunzitsi nkuwerenga mokweza maina a ana omwe akufunika kwa mlangizi, anzawo onse akumva. Chinthu chomwe mwanayo ankachiopa kuyambira pachiyambi ndicho chinamuchitikira, ndipo chinachitika chifukwa cha kusaganiza bwino kwa akuluakulu, osati nkhanza za ana. Ndinakadandaula kwa mphunzitsi wamkulu, amene anapepesa mosazemba nalonjeza kuti ana azidziwitsidwa mwakachetechete, koma zinatenga nthawi kuti mwana wanga avomere kubwererako. Bungwe lomwe lija la World Health Organization limanena kuti mwa achinyamata asanu ndi awiri alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la thanzi la m'maganizo. Ngati zili choncho, m'gulu lililonse la ana khumi ndi awiri muli mmodzi kapena awiri ofunika chisamaliro chopitirira kucheza kwa m'njira, ndipo munthu mmodzi, ngakhale akhale waluso chotani, sangawafikire onse.

Palinso mnyamata wina wa m'kalasi yomweyo amene amayenda pa njinga ya olumala. Masabata ambiri ankatsala ku laibulale pomwe anzake akutuluka, ati chifukwa njira zomwe anasankha ndi zamiyala. Mwana wanga ndi amene anandiuza zimenezi, ali wokwiya, ndipo ndikuona kuti mkwiyo wakewo unali woyenera. Kuyeza mtengo ndi chithunzithunzi, kuwerenga mapu ndi kumanga mfundo sizifuna phiri. M'teremu yachitatu anasamutsira maphunziro ena ku dimba la sukulu komwe njinga imafika, zomwe zikusonyeza kuti njira inalipo kuyambira kale, kungoti palibe amene anaiganizira polemba ndondomekoyo.

Kodi ndingalangize makolo ena kuti asaine? Inde, makamaka amene ana awo ali ofatsa, amanyazi kapena amene asiya kukonda sukulu popanda chifukwa chooneka. Koma asanasaine afunse zinthu zomwe ine sindinazifunse: kodi mlangizi amayenda ndi gulu la mwana wawo kangati, kodi mwana akanena vuto amadikira masiku angati kuti aonedwe payekha, kodi amaitanidwa bwanji, ndiponso ndi nkhani ziti zomwe mlangizi amasunga mwachinsinsi ndi ziti zomwe amayenera kuuza makolo, monga pomwe moyo wa mwana uli pachiswe. Funso lomalizali ndi lofunika kuti mwanayonso amve yankho lake, kuopa kuti angadzaone ngati waperekedwa. Sukulu ikamangoonetsa zithunzi za ana akumwetulira pamwamba pa phiri koma osatha kuyankha mafunso amenewa, ndiye kuti mbali ya uphungu yangolembedwa papepala.

Kalata ya chaka chamawa yabwera kale, ndipo ndasaina. M'munsi mwake, pa malo olembapo zina zomwe kholo likufuna kunena, ndapempha zinthu ziwiri: kuti katundu wobwereketsa alembedwe pa tsamba loyamba, komanso kuti komiti ya sukulu ikambirane zolemba ntchito mlangizi wachiwiri, ngakhale wobwera masiku awiri okha pa sabata. Pempho loyambalo andiyankha kuti latheka. Lachiwirilo akuti lidikira msonkhano wa bajeti, ndipo ndauza kale kuntchito kuti tsikulo ndidzaweruka msanga.