A fiziyo ndi odziwa ntchito, koma a pa tebulo lolandirira odwala asinthe

Ndapereka nyenyezi 4 mwa 5 ku malo amene ndinakaonana ndi a fiziyo, akatswiri ochiza ululu wa minofu ndi mafupa pophunzitsa zolimbitsa thupi. Imodzi ndachotsayo ndi chifukwa cha mayi amene amakhala pa tebulo lolandirira odwala.

Khosi ndinavulala pa mpira. Tinalumphira limodzi mpira wam'mwamba ndi wa timu ina, tinagundana, mutu wanga n'kugwedezekera kumbuyo mwamphamvu. X-ray inaonetsa kuti palibe fupa lothyoka, koma miyezi inadutsa ndikutembenuka thupi lonse pofuna kungoyang'ana kumbali, usiku n'kumadalira mankhwala ochepetsa ululu a ibuprofen.

Tsiku loyamba ndisanaonane n'komwe ndi a fiziyo, mayi aja anandiikira kolala ya siponji patsogolo, amvekere aliyense wodwala khosi amayamba wagula imeneyi. Nditafunsa ngati sindingadikire kuti andipime kaye, anandiyankha osandiyang'ana, maso ali pa foni, kuti ngati ndikuudziwa udokotala ndibwerere kunyumba ndikadzichize ndekha. Odwala anzanga ali pomwepo, akumva. Munthu wobwera ndi ululu sakhala ndi mphamvu zokangana, ndiye ndinalipira, pamwamba pa mtengo wa kuonana ndi a fiziyo umene nonse mukudziwa kuti si wamasewera. Ndinalowa m'chipinda nditavala kolalayo, mtima uli m'mwamba.

A fiziyo atangondiona anandiuza mwaulemu kuti ndivule. Anafotokoza kuti pamene fupa silinathyoke ndipo papita nthawi chivulalireni, kumanga khosi kumangofooketsa minofu, khosi n'kuumiratu. Kenako anandifunsa funso limene palibe anandifunsapo: dzanzi limafika pa zala ziti? Ndinati chala chachikulu ndi cha mkombaphala. Anatenga chidole cha mafupa n'kundionetsa mafupa 7 a m'khosi, n'kuloza pamene pamatulukira mtsempha wotchedwa C6 umene umatsikira ku zala ziwirizo. Anapima mphamvu za manja onse awiri, ndipo anandiuza mosabisa kuti X-ray imaona mafupa, siiona bwino minofu kapena mitsempha, choncho dzanja likayamba kufooka, kapena ndikayamba kudzandira poyenda, ndisadikire tsiku la fiziyo, ndithamangire kwa dokotala akaone ngati pakufunika MRI, kujambula kumene kumaonetsa minofu ndi mitsempha. Za ibuprofen anandichenjeza kuti kumwa nthawi yaitali kumawononga m'mimba ndi impso. Apa ndi pamene mkwiyo wanga unayamba kutsika.

Zochita anandipatsa zochepa: kukokera chibwano m'kati pang'onopang'ono ndili chigonere chagada, kufinya mapewa kumbuyo, kuthowa ndi nsalu yofunda, ndiponso kukweza foni kufika pamaso m'malo moweramira. Poyamba ndinkaona ngati n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi ndalama zake, chifukwa ine ndinkayembekezera kutikitidwa ndi makina. Koma panopa ndimayang'ana kumbuyo osatembenuza chiuno, dzanzi limabwera mwa apo ndi apo, ndipo ndayambiranso kuthamanga. Mpira wa mutu anati ndidikire kaye, ndipo ndikumvera.

Kolala ija ndinayesa kubweza tsiku lomwelo. Mayi aja anakana, ati chovalidwa sichibwezedwa, ngakhale anandiveka ndi iwo omwe. Eni ake a malowa aione nkhani imeneyi, chifukwa ogulitsa ndi ochiza akunena zosiyana pakhomo limodzi. Inu mukapita, musagule kanthu pa tebulo lija musanaonane ndi a fiziyo.