Timakina tomvera ta mwana wanga patatha chaka: tikugwira, koma thumba likulira

Mayi mnzanga wa kutchalitchi wandifunsa ngati kuli kofunika kubwereranso kuchipatala, poti khanda lake silinakhoze mayeso a makutu litangobadwa. Ndamuuza kuti apite msanga. Zotsalazo ndilembe pano, pakuti ife tatha chaka tili m'njira imeneyi.

Wanga anabadwa masiku asanakwane, anagona ku nazale ndi chikasu, analandiranso mankhwala opha tizilombo otchedwa gentamicin. Zonsezi zimaika makutu a khanda pachiswe, n'chifukwa chake anamuyeza. Koyamba ndi OAE, kachipangizo kofewa kolowetsa m'khutu, mphindi zochepa basi. Makina akalemba kuti "refer" sikuti mwana ndi wosamva ayi, kawirikawiri amakhala timadzi totsalira m'khutu. Kwa ife mayeso achiwiri a ABR, omwe amamata timawaya pamphumi ndi kuseri kwa makutu mwana ali mtulo, anatsimikiza kuti vuto lilipo mbali zonse. Akatswiri amati mwana ayezedwe mwezi usanathe, zenizeni zidziwike pofika miyezi 3, thandizo liyambe pofika miyezi 6. Ife tinapitirira, chifukwa panalibe wotiimbira foni. Tsiku lobwerera ndinkachita kulisaka ndekha.

Kenako tinamugulira timakina tomvera. Timakina tokhato sindingatinenere zoipa. Sitinawonongekepo, kachitseko ka batire kali ndi loko moti mwana sangatsegule n'kumeza, ndipo kabotolo koumitsira kanatithandiza nthawi ya dzinja.

Chondisowetsa mtendere ndi mould, kapulasitiki kofewa kokhala m'khutu kaja. Khutu la khanda limakula mofulumira. Mould ikangokhwepa, mawu amatuluka n'kubwereranso mu maikolofoni, kamakina n'kuyamba kuliza likhweru. Mwana ali kumbuyo, m'minibasi anthu n'kumatembenuka kufuna kuona amene waiwala kuzimitsa foni. Ndiye upite kukiliniki, akathire phala lawo lija m'khutu kuti atenge muyeso, ubwerere kunyumba, udikire. Ulendo wina mould yatsopano inachedwa kwambiri moti pofika khutu linali litakula kale. Ndinangoivaka, likhweru pompo. Anandiuza kuti ndipereke ndalama ina ya muyeso watsopano, ngati kuti wachedwetsa ndine. Masabata amenewo mwana ankangozula timakinato n'kuika m'kamwa, ine n'kutisunga m'kabati. Mwana wa msinkhu wophunzira mawu kukhala osamva chifukwa cha kapulasitiki! Mukanandifunsa mwezi umenewo ndikanati musataye ndalama zanu.

Koma pali mayi wina pakilinikipo amene anandiphunzitsa kuyesa timakina m'mawa uliwonse ndi mawu 6: a, u, i, sh, s, m. Umaima kumbuyo kwa mwana kuti asaone milomo. Kwa nthawi yaitali ankatembenukira "a" ndi "m" basi. Tsiku lina ndikusuzumira mphika ndinangoti "sss" mwachizolowezi, iye cheu, n'kuseka. Mawu opyapyala ngati "s" ndi amene amavuta kwambiri kwa ana otere. Pano akuti "mama" ndi "bwela", ndipo agogo ake amene ankati tisiye, mwana adzalankhula yekha nthawi ikakwana, ndi amene amayamba kufunsa ngati batire ili ndi moto.

Mabatirewo ndi a nambala 13, a kachizindikiro ka olenji. Satha masabata awiri, ndipo ukangomatula kapepala kake ayamba kutha ngakhale usawagwiritse ntchito. M'magolosale akwathu kuno simupezeka, ndiye thiransipoti ya kutauni iwerengereni pamtengo wake.

Kodi ndingagulenso? Inde, koma ndingayambe ndafunsa mtengo wa chaka chonse, osati wa timakina tokha. Pogulitsa anatiuza za waranti, osatchula kuti mould ndi kuyezanso makutu n'zolipira padera. Ukakhala pamaso pawo amakulandira bwino, ukatuluka pakhomo foni yako sayankha. Ndawapempha kuti andilembere mtengo umodzi wa ma mould a chaka chamawa, ndi kuti ikachedwa kwa iwo ndisamalipire kawiri. Akuti akambirana ndi abwana.