Kashopu ka ma DVD ku Limbe komwe filimu saidula mchira

Anzanga okonda mafilimu a ndewu, ndati ndikuuzeniko za kashopu kena kali ku Limbe cha kumunsi kwa msika, komwe amagulitsa ma DVD a orijino ogwiritsidwapo kale ntchito, ambiri ochokera ku Joni ndi ku UK. Nkakang'ono zedi, mukalowa anthu atatu mwadzadza, koma ine ndimapitako chifukwa cha chinthu chimodzi chomwe kwa anyamata obena mu flash aja simungachipeze: filimu imabwera yathunthu, mayina onse a kumapeto alipo, ndi tizigawo toonetsa mmene anaijambulira. Kobena mukudziwa nokha mmene zimakhalira, sitelingi akangopha bwana wa adani basi yathera pompo, mayina adula kuti flash isadzadze, nde munthu umakula ukuganiza kuti mzimayi wa mu filimu ntchito yake nkuoneka bwino ndi kuponya mateche awiri atatu basi.

Amene amagulitsa ndi achemwali ena ake achikulire pang'ono, odziwa mafilimu kuposa anyamata ambiri omwe ndimatsutsana nawo pa bawo. Shelefu imodzi yonse anaika mafilimu a action omwe sitelingi wake ndi mkazi. Ndikusankhasankha ananditengera kava ya The Woman King nkuitembenuza, chala chawo chili pa timalemba ting'onoting'ono ta kumunsi tija tomwe palibe amawerenga.

"Achimwene, musamangoona nkhope ya kutsogoloyi. Taonani apa, dzina lomweli labweranso kachiwiri."

Zoonadi, Viola Davis walembedwa ngati wosewera, kenako walembedwanso pa ma producer. Kampani yake ya JuVee Productions, yomwe amayendetsa ndi mwamuna wake Julius Tennon, ndi imodzi mwa zomwe zinakankha filimuyi kuti ituluke mu 2022. Ndipo nkhani yakeyo anayamba kuiganiza ndi mzimayi winanso wa zisudzo, Maria Bello, atapita ku Benin mu 2015 nkumva mbiri ya Agojie, asilikali achikazi a ufumu wa Dahomey. Iyeyo mu filimumo simumuona ata, koma popanda iye bwenzi kulibe chilichonse. Anayenda nayo nkhaniyi kwa zaka, makampani akuluakulu akukayika kuti filimu ya nkhondo yodzadza ndi azimayi akuda ingagulidwe ndani. Wotsogolera kujambula ndi mkazi, Gina Prince-Bythewood, wa kamera ndi Polly Morgan, wolumikiza zithunzi ndi Terilyn Shropshire. Anaijambulira ku South Africa, ku KwaZulu-Natal ndi cha ku Cape Town, ndipo Thuso Mbedu wa ku Pietermaritzburg ndi amene anasewera kamtsikana kamakani kaja. Pa disikiyo pali kachigawo koonetsa ma training, Viola Davis, mayi wa zaka 56, thukuta lili kamukamu akunyamula zitsulo, akubwereza kagwiridwe ka chikwanje mpaka dzanja lizolowere, ndipo anachita zimenezi kwa miyezi kamera isanayatsidwe nkomwe. Ine kachigawo kameneka kanandigwira mtima kuposa nkhondo ya kumapeto, zoona.

Ya Michelle Yeoh ndi yomwe inandipangitsa kunena kuti kashopu aka nkofunika. Anali ndi Supercop, ya 1992 ija ali ndi Jackie Chan, kava yake yong'ambika pakona koma disiki ili bho. Tonse amene tinakulira m'mavidiyo timakumbukira njinga yamoto ikudumphira pamwamba pa sitima ikuyenda. Chimene sitinkaona, chifukwa mwini vidiyo ankachotsa tepi mayina akangoyamba kuti alowetse gulu lina, ndi zithunzi za kumapeto zoonetsa zomwe zinalakwika pojambula. Pamenepo mumamuona yekha Michelle, osati mwamuna wovala wigi ayi, akufika pa denga la sitima njinga nkumuthawa iye nkugwa, kenako kubwerezanso. Penanso akugwera pa galimoto nkutsetsereka mpaka pamsewu. Anajambulira ku Kuala Lumpur, kwawo ku Malaysia, ndipo njinga yamoto anaiphunzira chifukwa cha filimu yomweyo. Munthuyu sanakulire mu kung fu, anaphunzira kuvina ballet ku London mpaka msana unamuvuta, ndewu anakaiphunzirira ku Hong Kong pochita ma training ndi anyamata a ma stunt tsiku ndi tsiku, nkutulukira mu 1985 limodzi ndi Cynthia Rothrock, Cynthia yemwe uja tinkamuchemerera tili ana. Pojambula filimu ina yomwe inatuluka mu 1996 anavulala kwambiri podumpha kuchokera pamlatho, kenako pojambula Crouching Tiger, Hidden Dragon bondo linawonongeka mpaka opaleshoni koma anabwerera kukamaliza. Pambuyo pake anatsegula kampani yakeyake nkumapanga mafilimu ngati producer. Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu ku America ija, anadzaipeza mu 2023, mkazi woyamba wa ku Asia kuwina ngati wosewera wamkulu, patapita zaka pafupifupi 40 akuthyoka mafupa.

Charlize Theron, mwana wa ku Benoni, naye alipo pa shelefupo. Atomic Blonde ya 2017 anaipanga kudzera ku kampani yake ya Denver and Delilah, ndipo pokonzekera mano anasweka chifukwa choluma mwamphamvu akugwetsa azibambo. Kachigawo kofotokoza ndewu ya pamasitepe ija nkabwino, amaonetsa mmene analumikizira zidutswa kuti izioneka ngati kamera sinazimepo.

Tsopano pali chimene chimandiwawa, ndipo achemwali aja alibe mlandu apa, vuto ndi ma disikiwo. Tizigawo timeneti amakonza ndi eni filimu, nde amakuonetsani zokoma zokhazokha, aliyense akuseka, aliyense akuyamikira mnzake. Azimayi amene amalowa m'malo mwa ma sitelingi pa zinthu zoopsa amangodutsa mwachangu, nthawi zina dzina silitchulidwa nkomwe. Zoë Bell wa ku New Zealand anamenyera Lucy Lawless mu Xena ndi Uma Thurman mu Kill Bill, iyeyo mwayi unamugwera chifukwa anadzayamba kuoneka ndi nkhope yake mpaka kukhala woyang'anira ma stunt onse pa filimu ya Tarantino ya 2019. Koma nanga Olivia Jackson? Mu 2015, ku South Africa konkuno kufupi ndi ife, akuyendetsa njinga yamoto m'malo mwa Milla Jovovich anawombana ndi chitsulo chonyamula kamera, ndipo dzanja lamanzere anadzalidula. Joi Harris anafera pa njinga ku Vancouver mu 2017. Izi pa kava simuzipeza. A Oscar nawo mpaka 2025 ndi pomwe analengeza kuti anthu a ma stunt azikhala ndi mphoto yawo, ndipo iyamba kuperekedwa mu 2028, tangoganizani, chonsecho azimayi ngati Helen Gibson ankadumphira pa sitima kale m'ma 1910 mafilimu asanayambe nkulankhula komwe.

Za shopuyo payokha, zabwino zilipo zoipa zilipo. Mtengo wa disiki imodzi ndi ngati wa chipsi ndi nkhuku mtauni, kwa ine ndi chilungamo, ndipo mukatenga zingapo amachotserako osachita kukangana. Ali ndi ka TV ndi pleya pakona kuti muyese musanalipire, chonde yesani ndithu ndipo musangoyesa poyambira, dumphani mufike chakumapeto ndi ku menu ya ma extras, tizigawo toonjezera tija, chifukwa ine ina inandikanira pakati penipeni ndili kunyumba, yokandika mkati mosaoneka bwino. Anandisinthira mosavuta koma transipoti inali yanga. Chinanso ndi nkhani ya ma region, kunena kuti disiki amaitsekera kuti iziwerengedwa ndi ma pleya a chigawo chake cha dziko lapansi. Ma disiki a ku Joni ndi ku UK ndi Region 2, a ku America ndi Region 1, ife kuno tili mu Region 5, nde ngati pleya yanu ndi ya ma brand odula aja ikhoza kukana, pomwe timapleya totchipa tambiri timangowerenga zonse. Izi sanalembe paliponse m'shopumo, umachita kufunsa, ndipo ndinawauza kuti alembe ngakhale pa katoni.

Mafilimu otanthauziridwa m'Chichewa kulibe, amene munazolowera ma DJ mudzaona ngati kwauma, ma extras onse ndi Chingerezi ndipo ena alibe ndi ma subtitle omwe. Shelefu ya azimayi ija nayonso yapendekera ku Hollywood kwambiri, za ku Hong Kong nzochepa ndipo zikangofika sizigona. Ndinawapempha kuti akadzapeza za Cynthia kapena za Michelle za m'ma 80 andisungire, analemba mu kope lawo la ngongole kumbuyo, akuti katundu wina akubwera mwezi ukatha. Lamulungu satsegula, ndipo Loweruka muzifika kusanafike masana chifukwa akaweruka ana asukulu a pulayiveti mulibenso poponda.