WD-40 pa tcheni cha njinga yamoto: amachotsa dzimbiri, koma si oyilo

Mvula ikagwa masiku angapo motsatizana, imani pa siteji ya kabaza muyang'ane matcheni. Ambiri amakhala atafiira ngati dothi la katondo, ena akulira tswii tswii njinga ikamanyamuka. Mankhwala amene anthu amathamangira ndi kachitini ka buluu ndi chikasu ka chivindikiro chofiira, WD-40, kapena mnzake wa ku South Africa, Q20, amene amagwira ntchito yofanana. Ndalama yogulira kachitinika siipita pachabe, bola mudziwe pamene ntchito yake imathera.

Dzina lenilenilo likunena zoona. Zilembo za WD zikuimira mawu a Chingerezi onena za kuthamangitsa madzi, ndipo 40 ndi ulendo woyesera umene akatswiri a kampani ya Rocket Chemical ku San Diego anapezera mankhwalawa, mu 1953. Cholinga chinali kuteteza chitsulo ku chinyezi. Zambiri za m'kachitinimo ndi zosungunula zimene zimauluka, n'kusiya kamafuta kopyapyala kwambiri. N'chifukwa chake amalowa msanga m'timipata ta tcheni, kutulutsa madzi ndi kufewetsa dzimbiri. N'chifukwa chomwechonso sakhalitsa. Tcheni chopoperedwa WD-40 yekha chimawala tsiku limenelo, koma mukayenda mitunda yochepa chauma gwa, zitsulo zayamba kudyana m'kati. Wina amaona ngati wasamala njinga pomwe wangotsuka oyilo amene anatsalamo.

Musanapopere chilichonse, onani kaye ngati tchenicho chili choyenera kupulumutsa. Dzimbiri lapamwamba, lofiirira, lochoka mukalipaka ndi sanza, silidetsa nkhawa. Loopsa ndi limene laboola timaenje pa timbale ta m'mbali, kapena laumitsa mfundo mpaka tcheni chikuoneka chopindikapindika chikamachoka pa sipuloketi, kagudumu ka mano kamene tcheni chimayendapo. Gwirani tcheni kumbuyo kwenikweni kwa sipuloketi yakumbuyo, muchikokere kunja. Mukaona theka la dzino poyera, chatha. Njinga zambiri zing'onozing'ono za kabaza zimayendera tcheni cha 428, chimene mfundo iliyonse ndi 12.7 mm. Mfundo 20 pa tcheni chatsopano zimakwana 254 mm, ndipo zikafika cha m'ma 259 mm palibe mankhwala angachibweze. Sinthani tcheni ndi masipuloketi onse awiri nthawi imodzi, chifukwa mano akale osongoka amadya tcheni chatsopano msanga.

Ngati chili chopulumutsika, imikani njinga pa sitandi yapakati, giya ikhale pa nyutulo, injini yozimitsa. Injini yozimitsa ndithu. Zala zambiri zaduka pakati pa tcheni ndi sipuloketi chifukwa cha anthu ofuna kuti injini iwazungulizire gudumu. Yambani ndi palafini, kapu imodzi yakwana, ndi mswachi wakale, muchotse matope ndi oyilo wakuda. Petulo ayi: amayaka mosavuta, ndiponso amawononga timphira tozungulira totchedwa O-ring timene timakhala m'mfundo za matcheni ena. Kenako poperani WD-40 mfundo ndi mfundo, mudikire mphindi 10 kapena 15, mukwechese. Bulashi ya waya igwire timbale takunja pa tcheni chopanda timphira basi. Mfundo youma ipindeni uku ndi uku ndi manja mukuwonjezera mankhwala, mpaka iziyenda yokha. Apa WD-40 amagwira ntchito yokhutiritsa, kuposa palafini kapena dizilo, makamaka chifukwa cha kapaipi kofiira kamene kamalunjikitsa mankhwala pamalo penipeni. Mfundo ikakana ngakhale mutainyika usiku wonse, musaikakamize ndi hamala, tchenicho chidzadukira pomwepo pa msewu.

Pukutani chiume. Tsopano ndi pamene ambiri amalekera, pomwe ntchito yaikulu ndi yotsatirayi. Tcheni chimafuna oyilo wolemera, ndipo wotchipa wodalirika ndi oyilo wa giya, SAE 90 kapena 80W-90, amene mabuku ambiri a njinga amalamula. Donthezani m'kati mwa mzere wapansi wa tcheni, uku mukuzunguliza gudumu ndi dzanja, kuti kuzungulira kukankhire oyiloyo m'mapini. Masupuni awiri aang'ono akwanira tcheni chonse. Ndi bwino kuthira madzulo mutangofika, tcheni chikadali chofunda, kuti alowerere usiku. M'mawa pukutani wapamwamba yense. Oyilo wochuluka amakola mchenga, ndipo mchenga wosakanikirana ndi oyilo umapera chitsulo ngati mwala wonolera. Chitani zimenezi pa makilomita 500 aliwonse, komanso nthawi iliyonse mwawoloka madzi kapena mwatsuka njinga ndi sopo wa ufa, amene amachotsa mafuta onse. Kwa wa kabaza woyenda tsiku lonse nthawi ya dzinja, zimenezi zikutanthauza kawiri pa sabata.

Oyilo wakuda wokhetsedwa mu injini timamuona pa matcheni ambiri chifukwa ndi waulere. Amaposa tcheni chouma, koma ndi wopepuka, amamwazikira pa limu ndi pa zovala za pasenja, ndiponso amakhala ndi tizidutswa ta chitsulo. Girisi naye salowa m'mapini, amangokhala pamwamba kukola fumbi. Mukatha kuthira oyilo yesani kukhwepa kwa tcheni pakatikati pa masipuloketi awiriwo. Njinga zambiri zimafuna 20 mpaka 30 mm, koma tsatirani zolembedwa pa njinga yanu. Ngati munamasula tcheni, kapini kotsekera kabwerere mbali yake yotseka italoza kumene tcheni chimalowera. Ndipo inu a njinga zokhala ndi kava yotsekera tcheni chonse, monga Boxer, muziitsekula nthawi ndi nthawi. Kabowo kapansi kakatsekeka ndi matope, madzi amadikha m'katimo, tcheni n'kumachita dzimbiri mobisika.

Pa ziwalo zina kachitinika kali ndi malo ake abwino. Njinga ikakana kulira itanyowa, kupopera pang'ono m'kapu ya pulagi ndi pa switchi ya kiyi kumathandiza nthawi yomweyo. Mabawuti okokera tcheni ndi manati a ekizozi ouma amamasuka mukawapopera n'kudikira theka la ola. Pa masipoko, limu ndi chiwongolero, poperani pa sanza, mupukute. Timadontho ta dzimbiri pa zitsulo zonyezimira timachoka bwino ndi pepala la aluminiyamu lokulungira chakudya, lonyikidwa m'madzi, chifukwa silikanda ngati waya wotsukira mapoto. Samalani kwambiri mipope yonyezimira ya mashoko akutsogolo. Kadontho kamodzi kokhakhala kamang'amba silo, kamphira kotsekera oyilo wa m'shoko, oyiloyo n'kuyamba kuchucha, choncho kachotseni kakadali kakang'ono. Keliyala imene yanyamula thumba la feteleza, mchere kapena nsomba zaziwisi itsukidwe ndi madzi tsiku lomwelo, kenako ipoperedwe, pakuti zinthu zimenezi zimadya chitsulo kuposa mvula.

Pali malo atatu pamene musataye mankhwalawa. Pa mabuleki ndi matayala asafike ngakhale dontho, ikani katoni kuseri kwa tcheni popopera. Pa mpope wa ekizozi pafupi ndi injini amangopsa n'kufuka utsi. Pamenepo palani ndi sandipepa, mupake penti yopirira kutentha. M'kati mwa thanki namonso sathandiza. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, amene amakoka chinyezi, ndiye thanki yokhala theka nthawi zonse imachita dzimbiri m'kati, zinyenyeswa n'kumatseka kabuleta. Thanki yotero ichotseni, mukhuthule petulo yense, mudzaze viniga woyera kwa tsiku lathunthu, mutsukuluze ndi madzi a soda, muumitse bwinobwino, n'kuthiramo petulo nthawi yomweyo dzimbiri lisanabwerere.

Kampani yomweyi imapanganso mafuta enieni a tcheni m'gulu la WD-40 Specialist, ndipo ndi chinthu china chosiyana ndi kachitini wambaka, choncho werengani zolembedwa musanalipire. Kwa mwini njinga imodzi, kachitini kakang'ono ka 100 kapena 200 ml n'kokwanira ngati mukukasungira mfundo zouma, mabawuti ndi pulagi yonyowa. Ngati ndalama ikukwana chinthu chimodzi chokha, gulani botolo la oyilo wa 90 ndi palafini pang'ono, WD-40 adikire mwezi wamawa.